Linga la Bwana Button ndi Mlandu wa Zodabwitsa za Dziko

Munthu amene wanyamuka ku Chipata kulowera kumpoto, napirira ulendo wa makilomita pafupifupi 180 pakati pa minda ya chimanga, ya thonje ndi ya mtedza, akafika pa boma la Lundazi amaona chinthu chimene maso ake sanachiyembekezere m'dziko la nkhokwe ndi makola a ng'ombe: nyumba ya njerwa zootcha, ya nsanja zozungulira, ya makoma ochindikala ndi timazenera topapatiza, itaima m'mbali mwa damu. Eni dera amangoitchula kuti Castle, ndipo mlendo wolemekezeka sabwerera kwawo asanaperekezedwe kukaiona ndi kukajambulitsa pakhomo pake. Pa nyumba imeneyi pamabuka mkangano umene sukalamba. Ena amati ikadakhala ku Ulaya bwenzi ikuwerengedwa pamodzi ndi zodabwitsa za dziko lapansi. Ena, makamaka amene anapondako ku Livingstone nanyowa ndi nthunzi ya Mosi-oa-Tunya, amangoseka chamumtima nati mnzathuyu sanayende. Mlandu wotere suweruzidwa ndi kukweza mawu, koma monga amachitira akuluakulu pabwalo, tiyenera kuyamba tafunsa kumene nyumbayo inachokera, ndiponso amene anapatsa anthu ena mphamvu yonena kuti ichi n'chodabwitsa, icho ayi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, dziko lino likutchedwabe Northern Rhodesia ndipo Chipata akutchedwa Fort Jameson, Bwana DC wa ku Lundazi anali Errol Button. Boma linkafuna nyumba yogonamo alendo, chifukwa msewu unali wautali ndi wovuta, ndipo akuluakulu a boma ndi apaulendo ena ankasowa potsamira mutu dzuwa likalowa. Bwana wina akadamanga zipinda zinayi zondondozana, nafolera ndi malata, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Button, kaya ndi chifukwa cha kupukwa kwawo kaya ndi chifukwa cha nthabwala za mumtima mwake, anajambula nyumba yotsanzira malinga akale a ku England, ndipo pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 inali itaima, ndi nsanja zake ndi makwerero ake opotana. Amati mwana wake wamkazi ndiye anaipatsa dzina lakuti Rumpelstiltskin, la kamunthu ka m'nthano ya Ajeremani, dzina limene lilime la Mchewa kapena la Mtumbuka silinavutike nalo n'komwe kuliphunzira. Linafota lokha, ndipo nyumbayo inasanduka hotela imene ikulandira alendo kufikira lero.

Tsono malinga amene Button anatsanzira sanali nyumba zamasewera. Pamene William wa ku Normandy anagonjetsa England mu 1066, iye ndi nduna zake anadzaza dziko lonselo ndi malinga, ena a mitengo ndi dothi, ena a miyala, monga nsanja yoyera ya mu Tower of London, ndipo cholinga chawo chinali chakuti anthu ogonjetsedwa akatukula maso azikumbukira amene wakhala mbuye wawo. Timazenera topapatiza tinali toponyera mivi, ndipo mipata ya pamwamba pa khoma inali yobisaliramo asilikali. Ku Lundazi kunalibe woti n'kumuponyera muvi. Mphamvu ya Angoni a Mpezeni inali itathyoledwa kale ndi mfuti za Azungu kuchiyambi kwa 1898, Nsingo mwana wa mfumu ataphedwa, ng'ombe zitalandidwa, msonkho utakhazikika. Chotero linga la Button linamangidwa patapita zaka makumi asanu nkhondo itatha, ndipo linali chithunzi chabe cha linga, chovala cha nkhondo chovekedwa nyumba ya alendo. Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame: patangopita zaka zochepa nyumbayo itatha, pa 24 Okutobala 1964, mbendera ya Angerezi inatsika, mabwana anapita, koma njerwa zinatsala.

Tisiye kaye Lundazi, tione kumene mwambo wowerenga zodabwitsa unayambira. Anauyambitsa ndi Agiriki okonda kuyenda, zaka mazana awiri kapena atatu Khristu asanabadwe, amene ankalemberana mindandanda ya zinthu zoyenera kukaona; mmodzi wa iwo amene dzina lake latsala ndi mlakatuli Antipater wa ku Sidon. M'kupita kwa nthawi mndandanda unakhazikika pa zinthu zisanu ndi ziwiri: piramidi lalikulu la ku Giza, minda yolenjekeka ya ku Babulo, fano la Zeus ku Olympia, kachisi wa Artemi ku Efeso, manda a mfumu Mausolus ku Halicarnassus, chifanizo chachikulu cha mkuwa cha ku Rhodes, ndi nsanja younikira zombo ya ku Alexandria. Wowerenga wochenjera aona msanga kuti zonsezi zili m'dera limodzi, kumene ngalawa ndi ngamila za anthu a nthawiyo zinkafika. Zimene zinali ku India, ku China kapena kuno kwathu sizinalephere mayeso, koma sizinaitanidwe n'komwe ku mayesowo. Ndipo za zisanu ndi ziwirizo, chimene chaimabe ndi piramidi lokha, lomangidwa cha m'ma 2560 Khristu asanabadwe, lotalika mamita 146 pa kumangidwa kwake. Chifanizo cha ku Rhodes chinaima zaka zosakwana makumi asanu ndi limodzi, chivomezi n'kuchigwetsa cha m'ma 226 Khristu asanabadwe, pakuti ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Pamene minda ya ku Babulo, akatswiri okumba zakale afufuza mpaka lero osagwirizana za malo amene inali, ndipo ena amakayika ngati inaliko.

Za kachisi wa ku Efeso, aliyense amene anakulira m'Sande sukulu ya ku Chasefu kapena pa mishoni ya ku Lumezi akudziwapo kanthu, ngakhale mwina sanadziwe kuti akuwerenga za chimodzi cha zodabwitsa zisanu ndi ziwiri. M'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 19, timamva za Demetriyo, wosula siliva, amene ankapanga tiakachisi tating'ono ta Artemi n'kumagulitsa, ndipo ataona kuti chiphunzitso cha Paulo chimuphera msika, anautsa amisiri anzake mpaka mzinda wonse unasokonezeka ndi phokoso lotamanda mulungu wawo wamkazi. Nkhani imeneyi ndiikonda chifukwa imaulula chinsinsi chimene olemba mindandanda sakonda kuchinena, chakuti kumbuyo kwa kutchuka kwa malo kumakhala munthu amene akudyerapo, ndipo wofuula kwambiri kawirikawiri ndi mwini sitolo.

Zimenezi zinaonekanso m'masiku athu ano. Bungwe lina loyambitsidwa ndi Bernard Weber wa ku Switzerland linaitana anthu a dziko lonse kuti asankhe zodabwitsa zatsopano povota pa telefoni ndi pa intaneti, ndipo pa 7 Julaye 2007, mumzinda wa Lisbon, analengeza opambana: Khoma Lalikulu la ku China, Petra ku Jordan, chifanizo cha Khristu ku Rio de Janeiro, Machu Picchu ku Peru, Chichen Itza ku Mexico, Colosseum ku Roma ndi Taj Mahal ku India. Eni mpikisano anati mavoti anapitirira 100 miliyoni; koma munthu mmodzi ankatha kuvota kangapo, maiko ena anachita kampeni ngati ya chisankho cha pulezidenti, ndipo bungwe la UNESCO linanena poyera kuti silikukhudzidwa nawo. Aigupto anakwiya poona kuti piramidi, gogo wa zodabwitsa zonse, aikidwa pamzere kuti apikisane ndi zidzukulu, ndipo pofuna kuwapepesa analichotsa pa mpikisano n'kulipatsa mpando waulemu. Sindikunyoza malo amene anapambanawo, pakuti onse ndi aakulu ndithu. Ndikungofunsa kuti mu 2007 ndi anthu angati a kwa Mwase kapena a kwa Chikomeni amene anali ndi telefoni ndi ndalama zotayira pa voti yotere. Chisankho chimene mlimi wa thonje sangaponyeko voti chimatiuza za amene ali ndi matelefoni ambiri, za kukongola kwa nyumba ayi.

Pali chinthu china choipa kuposa kuiwalidwa, ndicho kulandidwa ntchito ya manja ako. Pamene Carl Mauch wa ku Germany anafika pa mabwinja a Great Zimbabwe mu 1871, anaona makoma a miyala yosanjidwa popanda matope, aatali mpaka mamita khumi ndi limodzi, ndipo mtima wake unakana kuti munthu wakuda angamange zotero. Anati imeneyi ndi ntchito yokhudzana ndi Mfumukazi ya ku Seba ya m'masiku a Solomo. Bodza limeneli linakoma m'makutu a atsamunda, ndipo ngakhale David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anakumba nasonyeza kuti omanga anali Aafirika, makolo a Ashona, boma la Azungu la ku Rhodesia linapitiriza kulisunga bodzalo kwa zaka zambiri. Ngakhale mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene ndi otambalala mamita oposa 1,700 ndipo UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 1989, mabuku a sukulu anatiphunzitsa kuti anatulukiridwa ndi David Livingstone mu Novembala 1855, chonsecho anthu amene anamupalasira bwato kukafika pa chilumba anali atabadwira m'mkokomo wa madziwo.

Ndi maso amenewa tibwerere ku Castle. Mabuku a apaulendo akamakamba za nyumbayi amatchula dzina limodzi lokha, la Button, ngati kuti bwanayo anadzuka m'mawa nasenza yekha nsanja n'kuziimika. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo njerwa iliyonse ya m'makoma amenewo inadutsa m'manja mwa munthu. Aliyense amene anaumbapo njerwa kwathu kuno akudziwa thukuta lake. Dothi amakumba pachulu kapena m'mphepete mwa dambo, nalithira madzi madzulo kuti ligone likufewa. M'mawa anyamata amaliponda ndi mapazi mpaka litasalala, lopanda mibulu, kenaka woumba amaliponya mwamphamvu m'chikombole chonyowa, nasalaza pamwamba ndi kathabwa, wina n'kuthamanga nacho kukakhuthula pabwalo losesedwa bwino, amayi ali pa mzere ndi mitsuko kuchokera kumtsinje. Njerwa zaziwisi amazifunditsa udzu kuti dzuwa la chilimwe lisazing'ambe, ndipo zikauma amazisanja kukhala uvuni, nasiya makomo a moto kunsi, namata kunja konse ndi matope. Ukayaka moto palibe kugona: usana ndi usiku amasonkhezera zikuni, akuyang'ana utsi ndi kufiira kwa m'makomo, podziwa kuti moto ukachepa njerwa zituluka zosapsa, zonyenyeka ndi mvula yoyamba, ndipo ukachuluka zipindika ndi kumatana.

Ndiponso kumanga khoma lozungulira ndi njerwa za ngodya zinayi si ntchito ya mmisiri wamba. Pamafunika chikhomo pakati ndi chingwe choyezera mzere uliwonse, ndipo matope a pakati pa njerwa ayenera kukhala opyapyala m'kati ndi okulirapo kunja, apo ayi nsanja imatuluka ya mabondo. Koma luso la chikhomo ndi chingwe silinabwere ndi sitima ya pamadzi. Ana a anthu amene kuyambira kalekale ankalemba pansi mzere wa nyumba yozungulira asanazike nsichi, amene ankaluka nkhokwe ndi kuumba ng'anjo zazitali zosungunulira chitsulo, sanafunike kuuzidwa kawiri za kuzungulira kwa khoma. Ngakhale Farao sanafafanize onse amene anamugwirira ntchito: pa miyala ya m'kati mwa piramidi lalikulu magulu a antchito anasiyapo maina a magulu awo olembedwa ndi utoto wofiira, ndipo mu 1990 manda a antchitowo anapezeka pafupi ndi mapiramidi omwewo. N'chamanyazi kuti tikudziwa maina a magulu a omanga a zaka 4,500 zapitazo, pamene omanga a dzana, amene zidzukulu zawo zimadutsa pa Castle popita kumsika, mabuku sawatchula.

Dera la Lundazi linali nawo malinga enieni Button asanabadwe. Angoni a Zwangendaba atawoloka Zambezi mu 1835, ndipo pambuyo pake magulu a M'mbelwa ndi a Mpezeni atakhazikika wina kumpoto chakum'mawa wina kumwera, anthu a pakatipa anakhala zaka zambiri akugona khutu lili kunja. Ndipo pamwamba pa nthungo ya Mngoni panali unyolo wa ogula akapolo ndi minyanga, amene njira zawo zinkadutsa ku Luangwa kulowera kunyanja. Midzi inazingidwa ndi makoma a dothi ndi mipanda ya mitengo yosongoka, khomo lili laling'ono lotsekedwa ndi mipiringidzo dzuwa likapendeka, nkhokwe ndi ziweto zili m'kati, kuti adani akazinga mudzi ana asafe ndi njala. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, mudzi wa Mwase wa ku Kasungu unadziwika ndi dzina lakuti Linga, ndipo m'nkhalango yosungira nyama ya Kasungu, imene yagundana ndi dziko la Zambia, mukadali zizindikiro za midzi yamalinga, ng'anjo za chitsulo ndi zojambula za pamiyala. Malinga amenewa anapulumutsa miyoyo, chinthu chimene linga la Button silinamangidwire. Koma popeza anali a dothi ndi mitengo, mvula inawasungunula, chiswe chinadya nsichi zake, khasu linasalaza zotsala, ndipo wolemba mndandanda akafika amapeza tchire. Mayeso amene amapambanitsa mwala ndi njerwa yootcha amagwetsa mtundu wonse wa anthu amene ankamanga ndi zinthu zobwerera kunthaka.

Ndipo nkhondo itabweradi pa boma la Lundazi, sinabwere monga m'nthano za ku Ulaya. Kuchiyambi kwa Ogasiti 1964, ufulu utatsala miyezi yosakwana itatu, mkangano wa pakati pa mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina, chipani cha UNIP ndi boma unasefukira kuchokera ku Chinsali kufika kuno. Otsatira a Lumpa anaukira boma usiku napha anthu, ndipo pobwezera, a Lumpa a m'mudzi wa Paishuko anaphedwa mwankhanza. Anafa anthu mazanamazana m'maboma awiriwo, ambiri a iwo alimi wamba. Okalamba a kuno amene anaona masiku amenewo sawakamba mwachisawawa, ndipo mlendo amene wajambulitsa pa nsanja nabwerera, osamvako za chaka chimenecho, waona khoma la Lundazi koma mbiri yake sanaimve.

Chodabwitsa n'chakuti zinthu za m'dera lino zimene dziko lapansi lazivomereza kale ndi zomwe zija zinkanyozedwa. Amishoni analimbana ndi Nyau zaka zambiri nati ndi zachikunja, ndipo vimbuza ya Atumbuka ankaiyang'ana ndi diso lomwelo. Koma mu 2005 UNESCO inalengeza Gule Wamkulu, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, kukhala chuma cha mtundu wonse wa anthu, pamodzi ndi vimbuza, imene inalembedwa m'dzina la Malawi ngakhale ng'oma zake zimalira chimodzimodzi kwa Magodi ndi kwa Mphamba. Chaka chotsatira, mu 2006, mapanga 127 a zojambula za pamiyala a ku Chongoni, m'dera la Dedza, analowa m'kaundula wa malo a dziko lonse, ndipo zojambula za mtundu womwewo zili kuno ku chigawo cha kum'mawa, monga ku Thandwe ndi ku Mkoma. Kasiyamaliro amalukidwa kudambwe ndi nsungwi ndi makoko a chimanga, navina pa mwambo wake, kenaka osaonekanso. Sakhalitsa ngati piramidi, koma luso lomuluka ndi mwambo womuvinira zadutsa mibadwomibadwo popanda pepala, zapirira mtanda wa mmishoni ndi chikwapu cha boma, ndipo chaka ndi chaka m'mwezi wa Ogasiti, pa Kulamba ku Mkaika, Achewa a maiko atatu amasonkhana pamaso pa Kalonga Gawa Undi zilombo zili pabwalo. Pa ine ndekha, chinthu chimene chimafa ndi kuukanso m'manja mwa ana chimandidabwitsa koposa chimene chinamangidwa kamodzi n'kungotsala chili chiimire.

Chigamulo changa tsono ndi ichi. Castle ya ku Lundazi si chodabwitsa cha dziko lapansi, ndipo amene amaiika pamzere umodzi ndi Giza kapena Great Zimbabwe amaichititsa manyazi mosadziwa: ndi yaing'ono, ndi yadzana, ndipo ndi yotsanzira. Koma amene amaiseka alakwanso, chifukwa nyumbayi ndi mboni yosowa, yonena za masiku otsiriza a ulamuliro wa Angerezi, za maloto a bwana mmodzi, ndi za luso la amisiri a kuno amene anapatsidwa chojambula cha chinthu chimene sanachionepo nachiimika chowongoka, chopirira mvula za zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Taj Mahal ali ndi omusamala ake ambirimbiri, koma Castle, ng'anjo ndi mabwinja a malinga alibe wina koma ife.

Choncho pempho langa likupita kwa mafumu athu olemekezeka, a Mwase, a Magodi, a Mphamba, a Zumwanda, a Kapichila ndi anzawo onse a ku Lundazi, ku Lumezi ndi ku Chasefu, kwa aphunzitsi a mbiri m'sukulu zathu, ndi kwa a National Heritage Conservation Commission: tumizani ana a sukulu ndi makope kwa agogo awo, akafunse amene anaumba njerwa za Castle, amene anaziotcha, amene anamanga nsanja, ndi midzi imene anachokera, akafunsenso pamene panali malinga ndi ng'anjo, malowo aikidwe zizindikiro khasu lisanamalize. Maina akapezeka alembedwe pa chikwangwani pakhomo pa nyumbayo, pambali pa dzina la Button, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Mnyamata amene anasenza njerwa mu 1950 ali ndi zaka 15, lero ngati ali moyo ali pafupi zaka 90 kapena wapitirira, ndipo ntchito yomufunsa ndi ya chilimwe chino.